Tsiku Limene Agogo Anapukusa Jeke ndi Manja

Loweruka likubwerali chikwana chaka chimwalirireni agogo anga a Mbewe, ndipo amayi andipatsa ntchito yolemba mawu oti ndikawerenge pa mapemphero owakumbukira. Andichenjeza kawiri konse. "Tadala, pakakhala akuluakulu a mpingo. Zako zija uzisiye kuchipinda." Ndavomera. Ine ndimavomera msanga, ndilo vuto langa lina.

Koma pali nkhani imene imayenda pakati pa Amalawi a kuno ku Perth, ndipo inafika kale mpaka kwa achibale ku Dedza. Akuti agogo m'masiku awo omaliza anayamba kuiwala, ndipo zinayambira tsiku lija analephera kukonza jeke ya kalavani yathu, kanyumba kogonamo paulendo kokokedwa ndi galimoto, anthu akuonerera. Limenelo ndi bodza. Agogo sanaiwale kanthu, ndipo jeke ija sinawakanike. Ndikudziwa chifukwa amene anaipha jekeyo ndine.

Kwa inu a kumudzi amene simunaione, jekeyi ndi kamwendo kachitsulo kamene kali pamphuno pa kalavani. Ukadina batani, kamota kamakweza kapena kutsitsa mphunoyo kuti ikhale bwino pachitsulo chokokera cha galimoto. Ikafa, umachotsa kachivindikiro pamwamba pake, n'kulowetsa handulo, n'kumapukusa ndi manja mpaka msana utadandaula. Ndi kanthu kakang'ono. Koma kanawadyera agogo dzina.

Agogo anali bambo awo a amayi anga. Anakonza magetsi a mabasi ndi malole ku Lilongwe kwa zaka makumi anayi, ndipo agogo aakazi atamwalira amayi anawaitanitsa kuti adzakhale nafe ku Canning Vale. Anafika ndi sutukesi imodzi, maovolo awiri ositidwa bwino, ndi kachipangizo kena m'thumba la jekete. Kanali babu la indiketa ya basi lomangiriridwa mawaya awiri, wina wothera pa msomali, wina wothera pa kopanira. Ankakatchula kuti mboni. Ukapanira mbali ina pachitsulo n'kugunditsa msomaliwo pa waya, babu likayaka ndiye kuti moto ulipo, likapanda kuyaka ndiye kuti sunafike. Abambo anawagulira mita yamakono yoonetsa manambala. Agogo anailandira ndi manja awiri, anathokoza kwambiri, n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Ili pompo mpaka lero, m'bokosi lake.

Chingerezi ankachidziwa bwinobwino, mabuku a mainjini ankawerenga osadodoma. Koma ine ndikangowayankha m'Chingerezi ankagwira khutu n'kunena kuti khutu lomvera zimenezo analiiwala pabwalo la ndege. Dzina langa lenileni sankaligwiritsa ntchito. Ankanditcha Chiswe, ati chifukwa ndimadya zinthu m'kati kunja kukuoneka bwino.

Kuno kuli nyengo imene anthu amatulutsa katundu wakutha n'kumuunjika m'mphepete mwa msewu kuti a khonsolo adzatole. Kwa agogo imeneyo inali nyengo yokolola. Ankadzuka m'mamawa, kuvala ovolo, n'kumakankha kangolo ka mwana kamenenso anachita kutola. Pobwera kankakhala katadzaza mafani, maketulo, mawayilesi ndi makina otchetchera kapinga. Amayi ankachita kugwira mutu.

"Abambo, mukutichititsa manyazi. Aneba aziti chiyani?"

"Aziti chiyani? Munthu wataya fani yonse chifukwa cha waya mmodzi. Manyazi achite ndani pamenepa, Nambewe?"

Tsiku lina anakonza fani n'kukaibweza kunyumba kumene anaitola. Mayi wachizungu wa pamenepo anawafotokozera mwaulemu kuti anagula kale ina. Agogo anabwerera akupukusa mutu, ndipo sabata yonse ankadandaula kuti dziko lino lili ndi chilichonse kupatula chisoni pa zinthu.

Posakhalitsa galaja yathu inasanduka chipatala. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi anthu ankabwera ndi zinthu zawo zakufa, ena kuchokera ku Bentley, ena mpaka ku Joondalup. Agogo ankakhala pa kampando kawo ka miyendo itatu pafupi ndi chitseko, ndipo kachitidwe kawo kanali kamodzi. Ankati moto wa magetsi ndi munthu wa paulendo: amanyamuka kwawo ku batire, amadutsa pa fyuzi, amapempha njira pa swichi, amagwira ntchito mu mota, kenako amafuna njira yobwerera kwawo. Wokonza azimutsatira phazi ndi phazi, osadumpha mudzi ngakhale umodzi, ndipo asakhulupirire maso, ake kapena a wina, koma mboni yokha. Ankatinso mavuto ambiri amakhala panjira yobwerera, chifukwa anthu amasamala za kupita, za kubwerera saganizako. Akanena zimenezi, anamwino a kwathu amene anabwera kudzagwira ntchito kuno, ena ankaseka, ena ankangoti phee.

Ndipo akapeza vuto, panali mwambo. Ankaimirira, kunyamula kanthu kolakwako, kaya ndi waya wodyeka, kaya ndi kabawuti kadzimbiri, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone. "Wakuba uja ndi uyu!" Anthu ankaomba m'manja ngati kwabadwa mwana. Chinthu chimodzi chimene sankachita ndi kunamizira chinthu chosalakwa. Anatiuza kuti ali mnyamata anasiya ntchito pa galaja ina chifukwa bwana wake ankafuna kuti auze mwini lole kuti chapsa ndi chinthu chachikulu pamene unali waya chabe. Kwa iwo, kutchula vuto labodza kunali ngati kuchitira munthu umboni wonama kukhoti.

Ndi abambo anga sanakanganepo, ndipo mwina bwenzi zili bwino akanakangana. Kwathu mkamwini ndiye amakakhala kwa apongozi. Kuno zinatembenuka, apongozi ndiwo anali m'nyumba ya mkamwini, ndipo onse awiri ankayenda ngati pansi pali mazira. Sankakhala pa sofa imodzi. Sankayang'anana m'maso. Uthenga unkadutsa mwa amayi kapena mwa ine ngakhale onse ali m'chipinda chimodzi. "Chiswe, uwafunse bambo ako ngati nyuzipepala athana nayo." Abambo ali apo, nyuzipepala ili m'manja. Abambo atagula kalavani yakale ija kwa mnzawo wa ku msika kumene amagwira ntchito, agogo anaizungulira katatu, anagwada kuyang'ana mawaya a pansi, n'kuuza amayi kuti awauze abambo kuti agula bwino. Abambo anamwetulira masiku awiri.

Tsopano za ine, pang'ono chabe. M'katundu wotola uja munali kawotchi ka alamu kolira ngati mbuzi yopanidwa pachitseko. Agogo anakakonza, ine ndinakabwereka. Kanapezeka m'denga la kalasi yathu tsiku la mayeso a masamu, kakulira pamene palibe akanakafikira. Aphunzitsi atatu anakwera pa desiki. Anandiimitsa sukulu masiku atatu, ndipo kunena zoona, anali masiku olipira bwino. Koma sikunali koyamba, ndipo abambo anatopa. Ananena pamaso pa aliyense kuti ndikadzangochitanso kamodzi, kaya kusukulu kaya pakhomo, andikweza ndege ndikamalizire sukulu yogonera komweko ku Malawi, pafupi ndi azakhali. Abambo sanena chinthu kawiri.

Ndinakhala bwino miyezi iwiri yathunthu. Kenako agogo anadzitama. Tinali m'galaja, atangopeza vuto la ketulo ya munthu wina, ndipo anati palibe vuto la magetsi limene lingawabisalire kupitirira mphindi khumi, ngakhale litabisidwa ndi satana. Ananena akundiyang'ana ine. Inu mukanatani?

Lachinayi madzulo, mawa lake tikunyamuka ulendo wa Pasaka, ndinapita pamphuno pa kalavani. Pafupi ndi batire pali kachikwama ka labala, m'kati mwake muli fyuzi yobiriwira ya miyendo iwiri. Ndinaizula, ndinapaka miyendo yakeyo polishi wa zikhadabo, uja wosaoneka mtundu, ndinadikira aume, ndinapakanso kachiwiri, n'kuibwezera. Ukaiyang'ana, yabwinobwino, kawaya ka m'kati kosaduka. Koma moto sungadutse. Musayembekezere kuti ndipepese pa zimenezi. Inali ntchito yaukhondo, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira ndimadzitayira kamtengo. M'mutu mwanga zinali zoti agogo adzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, ayesa jeke ali okha, avutika mphindi khumi ndi imodzi, ine ndiwina, nkhani yatha.

Sindinawerengere kuti abambo ndiwo ayambe kufika pa jekeyo, kapena kuti mabanja anayi a ku tchalitchi anagwirizana zokumana pakhomo pathu kuti tiyende mondondozana.

Lachisanu m'mawa msewu wathu unadzaza magalimoto. Abambo anabweza galimoto mpaka pamphuno pa kalavani, anatsika, anadina batani. Zii. Anadinanso. Ngakhale kanyali kake sikanayake. Azibambo anaunjikana. Abambo anatsegula kachikwama kaja, anazula fyuzi, anaiyang'ana padzuwa.

"Fyuzi ili bwino," anatero, n'kuipereka kwa a Tembo, mnzawo wa ku Zambia amene amadziwa chilichonse.

A Tembo anaisuzumira ndi diso limodzi. "Ili che iyi. Ni mota, mudala, yapya. Gulani chabe ina, izi vintu sivinkala."

Anaibwezera. Kenako abambo anatembenuka pang'onopang'ono kundiyang'ana.

"Tadala, dzanja lako lilipo apa?"

"Ine? Ine ndimapakira mabulangete."

"Chabwino. Koma ndikapeza kuti pali dzanja la munthu, tikiti ndigula lero lomwe, pa foni pompano." Atatero anauza amayi kuti awapemphe agogo adzatione.

Agogo anatuluka atavala ovolo yositidwa, mboni ili m'manja. Azimayi anayamba kale kuseka. "Adokotala afika, tinyamuka pompano." Agogo anapanira waya pachitsulo, anagunditsa msomali pa batire, babu linayaka ngwee. Anapala mitu ya batire mpaka kuwala. Kenako ndinaona dzanja lawo likupita pa kachikwama ka fyuzi.

"Fyuzi bambo a Tadala ayiona kale," anatero amayi. "Akuti ili bwino."

Dzanja lija linaima m'malere, n'kubwerera. Ndinaliona ndi maso angawa. Munthu amene anaphunzitsa aliyense kuti osadumpha mudzi, anadumpha mudzi. Akanatani? Kuyesanso fyuzi imene mkamwini wanena pagulu kuti ili bwino kukanakhala kumuuza mwini nyumba, pamaso pa anzake, kuti maso ake ndi opanda ntchito. Mzungu akanangoyesa. A Tembo akanangoyesa. Agogo anazungulira.

Anayamba ndi njira yobwerera. Jeke imeneyi ili ndi waya mmodzi yekha, moto umabwerera kudzera m'mabawuti atatu amene aimangirira ku chitsulo cha kalavani. Anaika zidutswa za matabwa pansi pa mphuno, anamasula bawuti imodzi imodzi, kupala dzimbiri ndi sandipepa, kumanganso. Anadina batani. Zii. Anatsegula mutu wa jeke, anagunditsa msomali pa waya wolowa mu swichi. Babu silinayake.

"Nakuuzani, ni mota," anatero a Tembo.

"Mota ipsa bwanji moto usanafike, a Tembo? Munaonapo nyumba ikupsa machesi ali kusitolo?"

Anthu anaseka, ine ndinaseka kuposa onse. Ndivomere, ola loyamba ndinasangalala kwambiri. Ndinakhala kumbuyo kwa galimoto ndikuluma thawulo kuti ndisamveke. Mphindi khumi zinadutsa kalekale, ndipo ndinali nditawina kasanu ndi kamodzi.

Tsopano agogo anali atadziwa kuti moto ukutayika pakati pa batire ndi swichi. Pamenepo pali zinthu ziwiri zokha, waya ndi fyuzi. Popeza fyuzi inali italowa m'manja mwa ulemu, anatsala ndi waya. Anagona chagada pa simenti, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, n'kumasolola wayayo m'chitsulo pang'onopang'ono, kumupinda, kumufinya, kufunafuna poduka pamene panalibe. Dzuwa linakwera. Ntchentche za kuno, zija zosamva kuingitsa, zinawatera m'maso. Ana anayamba kulira m'magalimoto. Banja lina linatsanzika kuti likatidikira kutsogolo. Kuseka kunatha, ndipo ine thawulo lija ndinalisiya. Ndinkangoyenera kutsika n'kunena mawu atatu. Koma ndinkayang'ana foni ya abambo itatuluka pang'ono m'thumba la malaya, ndipo ndinakhala pomwepo.

Patatha pafupifupi maola awiri, neba anapempha kuti wina asunthe galimoto imene inatseka njira yake, ndipo abambo ndi a Tembo anapita. Agogo anadzuka mofulumira ngati mnyamata. Msomali kuseri kwa fyuzi, babu ngwee. Msomali kutsogolo kwa fyuzi, mdima. Anaizula. Anaiyang'ana, kawaya kali bwinobwino. Anaibwezera, anayesanso, anaizulanso. Kenako anakanda pakona pa mwendo wake ndi chikhadabo, ndipo kanthu kena kanasendeka ngati mamba a nsomba. Anainunkhiza. Anaima nthawi yaitali osagwedezeka. Ndiye anakweza maso, osati kuyang'ana nkhope yanga, koma zala zanga.

Amayi anali pakhomo, ndipo zonsezi anaziona. Koma chimene anaona iwo ndi nkhalamba ikuzula chinthu, kubwezera, kuzulanso, kuchinunkhiza, n'kuima ngati yaiwala kumene ili. Amayi amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Zoterezi amaziona tsiku ndi tsiku, ndipo amadziwa dzina lake.

Abambo anabwerera, ndipo chifukwa cha kutopa anawafunsa agogo mwachindunji, chinthu chosowa.

"Mwapeza kanthu, abambo?"

Aliyense anayandikira. Wakuba anali m'dzanja lawo. Akanangomukweza m'mwamba, anthu akanaomba m'manja mpaka msewu wonse kumva, ndipo nkhani ya fyuzi yopakidwa polishi ikanakhala nkhani yawo yopambana zonse. Akanathanso kuipala mwakachetechete n'kunena kuti linali dzimbiri, koma ndanena kale kuti agogo sankanamizira chinthu chosalakwa. Komanso abambo anali ataiona fyuziyo ili yoyera, akanafunsa mafunso.

Agogo anaibwezera m'kachikwama momwe inalili, n'kutseka.

"Iyi lero sindikonza," anatero. "Chiswe, kanditengere handulo."

Sananene kuti alephera. Ndakhala ndikuwabwereza mawu amenewo m'mutu, ndipo mulibe bodza. Koma aliyense anamva kuti alephera. Azibambo anafuna kuwalandira handuloyo, iwo anakana. Anachotsa kachivindikiro, analowetsa, n'kuyamba kupukusa. Jeke imeneyi imatsika pang'ono kwambiri pa kupukusa kulikonse. Kunkangomveka chitsulo chikulira ndi mpweya wawo. Mphuno itakhala pachokokera, a Tembo anawasisita paphewa.

"Ni ukalamba chabe, mudala. Osadandaula, tonse tizafikako."

Agogo anathokoza.

Titabwerako ku ulendowo zinthu zinasintha msanga. Amayi anawatengera kwa dokotala. Dokotala sanapeze chodetsa nkhawa, koma amayi anati matenda amenewa achibale ndiwo amayamba kuwaona. Sindikuwanena amayi. Ankaopa kuti tsiku lina agogo adzagwira waya wa moto kapena kuyatsa nyumba, ndipo anachita zimene akanachitira bambo wa wina aliyense. Zipangizo zonse zinalowa m'kabati yachitsulo, loko pakhomo pake. Kangolo kaja kanapita kukaunjikidwa m'mphepete mwa msewu kumene kanachokera. Ku tchalitchi anthu anauzana mwaulemu kuti a Mbewe asamavutitsidwe, ndipo maketulo anasiya kubwera. Moni yekha ndiye anachuluka, uja wokweza mawu ndi kutalikitsa, wopatsa odwala.

Pa chakudya amayi ankawayesa mozembera.

"Abambo, kodi lero ndi lachingati?"

"Ku Dedza ndi Lachitatu. Kuno sindikudziwa, mumasintha zinthu kwambiri."

Ine ndinkaseka. Amayi sankaseka, ankayang'anana ndi abambo. Ngati pali chimene ndimadandaula nacho, ndi kuseka kumeneko. Osati fyuzi. Ndinkakhala patebulo pomwepo, mawu atatu aja ali m'kamwa, n'kumawameza pamodzi ndi chakudya, tsiku ndi tsiku, chaka ndi miyezi.

Mudzafunsa chifukwa chake. Ndibwerere ku ulendo uja. Loweruka masana, anthu atapita kukasambira, agogo anakhala pansi pa mtengo akuingitsa ntchentche ndi chipewa. Anandikodola.

"Chiswe, tabwera. Tandionetsa zala."

Ndinatambasula manja. Anagwira chala chimodzi, anachiyang'anitsitsa ngati akugula.

"Eya. Polishi wa pa fyuzi ija ndi yemweyu."

"Agogo, ine..."

"Khala chete, ndikukupatsa malikisi. Mwendo wakumanzere unapaka bwino. Wakumanja unathithikiza, panatsala kadontho pakona. Ukanapaka mopyapyala, bwenzi ndikuganiza kuti ndi kachikwama kamene kamasuka." Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. "Zaka makumi anayi! Mabasi a ku Mchinji, malole a fodya, palibe chinandigoneka pansi maola awiri. Wandigoneka iwe ndi mankhwala a zikhadabo!"

"Ndiye ndawina?"

"Wawina chiyani? Anandichedwetsa ndi ulemu, osati iwe. Ndinadumpha mudzi. Ukaone, usadzadumphe mudzi chifukwa choopa nkhope ya munthu."

Ndinawauza kuti ndikawauza abambo madzulo omwewo. Nkhope yawo inasintha.

"Ukanena, ukwera ndege. Bambo ako ndi munthu wa mawu amodzi, ndipo ine sindingawatsutse m'nyumba mwawo. Ukapita, nditsala ndi ndani woyankhula naye? Amayi ako ali ku shifiti, bambo ako timalankhulana kudzera mwa iwe. Umalize sukulu kaye. Tsiku lomaliza mayeso, tidzaitane anthu onse aja, a Tembo akhale kutsogolo, tidzaikweze m'mwamba tonse awiri."

"Nanga anthu akuti mwalephera."

"Asiye. Dzina langa ndi lakale, lapirira zambiri. Lako n'lanthete."

Ndinavomera. Ndanena kale kuti ndimavomera msanga. Tsiku limenelo tonse tinkaganiza kuti mtengo wake ndi kusekedwa ndi a Tembo basi. Sitinadziwe za loko. Loko atabwera ndinawafunsanso kamodzi, iwo anati pangano ndi pangano. Kamodzi kokha. Ndikanafunsa kachiwiri, kapena ndikanangonena osawafunsa. Koma yankho lawolo linkandikomera, ndipo ndinalisunga bwino.

Sanasiye kuvala ovolo. M'mawa uliwonse ankaisita, n'kukakhala pa kampando kaja, chitseko cha galaja chili chotsegula, akuyang'ana msewu. Masiku ololedwa kuthirira ankathirira kapinga. Nyengo yokolola ikafika, milu ya mafani ili mbwee tsidya la msewu, ankatembenuza kampando kuyang'ana kukhoma. Mboni yokha ndiyo amayi sanaipeze, chifukwa inkagona m'thumba lawo. Nthawi zina ndikachokera kusukulu ndinkawapeza ali pamphuno pa kalavani, msomali kuseri kwa fyuzi, msomali kutsogolo.

"Wakuba wathu akadali m'ndende," ankatero. "Walemba mayeso angati?"

Abambo nawo sanagule jeke ina, ndipo sanaitane munthu wina kudzaikonza. A Tembo anawakakamiza kangapo. Abambo anati chimene apongozi awo anachisiya, munthu wina sadzachigwira pakhomo pawo. Ulendo uliwonse ankapukusa ndi manja, agogo akuonerera chapatali, aliyense akusunga ulemu wa mnzake, fyuzi ili pakati pawo.

Anamwalira ndisanalowe chaka chomaliza cha sukulu. Unali mtima. Anagwa m'mawa akuthirira kapinga, paipi ikutuluka madzi, ndipo pofika masana anali atapita. Amayi anaperekeza thupi ku Dedza, ife maliro tinaonera pa foni. Wolalikira kumeneko anati tithokoze Mulungu kuti anawatenga matenda a kuiwala asanafike poipa. Ndinatuluka panja.

Mayeso ndamaliza sabata yatha. Abambo, tikiti ija mukhoza kugula tsopano, ndikaonako manda. Amayi, munati zaulemu zokhazokha, ndipo ndafunafuna, chaulemu choposa ichi sindinachipeze. Bambo anu anali ndi nzeru zawo zonse mpaka tsiku la paipi lija. Analola dala kuti muwayese odwala kuti ine ndisachoke. A Tembo, Loweruka mukhale kutsogolo. Sinali mota.

Tikatha mapemphero, ndikupempha nonse mutuluke mudzaone. M'galaja simunasinthe. Kabati ikadali ndi loko wake, ngakhale palibenso womuopa. Ovolo imodzi ili pa msomali kuseri kwa chitseko, mizere ya simbi ikuonekabe. Kampando kali pomwe kankakhala, ndipo miyendo yake itatu inasiya timaenje pa kapeti yakale imene anayala pansi, moti ukakasuntha kamabwerera pamalo pake pokha. Palibe amakhalapo. Ngakhale ine, amene ndakhalapo pa mipando yonse yoletsedwa ya kusukulu, pamenepo ndimazungulira.

Kalavani ili panja pambali pa mpanda, matayala ataphwa pang'ono, akangaude atamanga pa handulo. Mboni ili ndi ine, anaipeza m'thumba la ovolo ku chipatala. Dzulo ndinatchaja batire, ndinapanira waya pachitsulo, n'kuyenda ulendo wonse osadumpha mudzi. Kuseri kwa fyuzi babu likuyaka. Kutsogolo kwake, mdima. Polishi wanga akugwirabe, patatha zaka ziwiri ndi theka, padzuwa la kuno. Ndinatembenuka kuti ndidzitame, ndipo kumbuyo kwanga kunali kampando.

Fyuziyo sindinaipale. Ili momwemo m'kachikwama kake, ndi kachipsera ka chikhadabo chawo pakona. Kuizula ndi ntchito ya mphindi imodzi, aliyense angathe. Woti aimirire, aikweze m'mwamba, anene kuti wakuba uja ndi uyu, ndiye palibe.